Kope la Atsibweni

Atsibweni anga adali ndi funso limodzi limene sadatope nalo mpaka tsiku lomwe tidakawaika m'manda. Ukawafotokozera za mlandu, kaya wa mbuzi yodya chimanga cha eni, kaya wa malire a munda, kaya wa kutali umene wamveka pa wailesi, iwo ankangoti duu, kumvetsera mpaka utamaliza, kenaka n'kufunsa kuti, "Nanga woweruzayo adamuikapo ndani?" Za wolakwa ndi wosalakwa ankafunsa pambuyo. Tili ana tinkati akupotoza nkhani dala. Lero mutu wanga wayera mbuu ngati wawo, ndipo ndikamva za khoti, funso lomwelo ndi limene limatsogola kutuluka pakamwa panga, adzukulu n'kumakodolana.

Adali mlongo wawo wa mayi anga, woyamba kubadwa m'bere lawo. Akali mnyamata adalowa usilikali wa KAR, nkhondo yachiwiri n'kukawafikitsa mpaka ku Burma, kumene ankati mvula yake siidziwa kukata ndipo misundu imakupeza ngakhale m'kati mwa jombo. Chingerezi chimene adatola kunkhondoko chidawapezetsa ntchito yomasulira m'khoti, kenaka ya ukalaliki. Zaka zoposa 30 adakhala pakatebulo kam'munsi, pansi pa mpando wa woweruza, pamalo poti munthu umaona zonse koma iwe palibe wokuona. Atapuma adabwerera kwathu ku Mchinji ndi njinga, jekete lakuda lothetheka m'zigongono, ndi wailesi.

Wailesi imeneyo idali ngati mkazi wawo wachiwiri, ndipo mayi a kunyumba ankanena zomwezo poyera. Waya wake adaukweza mumtengo wa mango. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe, ati atenge mphamvu, ndipo mwana wowakhudza ankaona zakuda. Madzulo ankasaka BBC, chala chikupotokola pang'onopang'ono, khutu atagunditsa pansalu ya wailesiyo. Akatopa nayo ankatsegula ya ku Zambia, poti kwathu Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe.

Chaka cha 1993 ine ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale, mtunda wopalasa njinga ola limodzi, ndipo Loweruka lililonse ndinkapita kukawaona. Dziko lidali litatentha. Pa 14 Juni tidakavota pa riferendamu, nyali kapena tambala wakuda, ndipo achinyamata sankakamba china. Atsibweni adavota, adasangalala, koma mtima wawo udali pa chinthu china: makhoti a mafumu. Kuyambira 1969 makhoti amenewa adapatsidwa mphamvu yoweruza ngakhale milandu yonyongetsa munthu, ndipo pambuyo pake adawonjezerapo youkira boma. Loya sankaloledwa kuimira munthu. Okhala pampando ankaikidwa ndi boma lomwe lakumangalo, ndipo likafuna linkawachotsa. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, maloya onse awiri, adagwidwa cha kumalire kwathu konkuno m'nyengo ya Khirisimasi ya 1981, ndipo khoti lotere lidawagamula kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, Vera n'kutulutsidwa mu Januwale 1993. Zaka zonsezo atsibweni sadanenepo kanthu pagulu, poti masiku amenewo munthu unkayamba wacheuka usanatsegule pakamwa. Koma tili awiri pakhonde ankanong'ona kuti, "Mphwanga, mlandu uja udatha tsiku loika anthu pamipando. Zinazo kudali kungotaya malovu."

Ndiye mutha kuona mmene khutu lawo lidaimira atamva, m'chaka chomwecho, kuti bungwe la United Nations lakhazikitsa khoti loweruza milandu ya pankhondo ya ku Yugoslavia. Security Council idagwirizana zimenezi pa 25 Meyi 1993, nkhondo ya ku Bosnia ikadali m'kati, anthu akuphedwabe. Atsibweni sadafunse kuti Bosnia ali kuti. Adafunsa funso lawo lija.

Yankho lake silidabwere msanga. Wailesi inkangotchula mitu ya nkhani. Mwayi wathu udali woti mwana wa mchemwali wanga ankaphunzira zamalamulo ku Zomba, ndipo patchuthi cha Khirisimasi adabwera ndi mapepala ojambulitsa, ena osaoneka bwino m'mphepete. Atsibweni adandituma kugolosale kukagula kope, lija la masamu kuchikuto chakumbuyo, ndipo tidakhala pamphasa atatu, mnyamatayo akuwerenga, ine ndikulemba, iwo akulamula.

Mmene adamvera iwo, kusankhako kudali kupeta katatu. Poyamba dziko lililonse lidapatsidwa masiku 60 kuti lipereke maina, osapitirira awiri, ndipo awiriwo asakhale a dziko limodzi. Munthuyo akhale wa mbiri yabwino, wosakondera, woyenera kukhala pakhoti lalikulu kwambiri kwawo. Kachiwiri Security Council idapeta mainawo n'kutsala ndi 23. Kachitatu mayiko onse pamsonkhano waukulu wa General Assembly ku New York adaponya voti yachinsinsi kuti apeze anthu 11, aliyense wa dziko lakelake, ogwira ntchito zaka zinayi. Kuti munthu adutse ankayenera kupeza mavoti opitirira theka la mayiko onse, ndipo poti ambiri sankafikapo, adavota maulendo 10, kuyambira pa 15 mpaka pa 17 Seputembala.

"Maulendo khumi!" adatero atsibweni, n'kuwomba m'manja kamodzi. "Ndiye kuti padalibe mmodzi woti akangotsokomola onse n'kugwada."

Adatikumbutsa za makhoti a pambuyo pa nkhondo yawo ija. Ku Nuremberg mu 1945 mayiko anayi opambana, America, Britain, France ndi Soviet Union, lililonse lidangobwera ndi woweruza wake ndi wina wapadera womulowera m'malo. Ku Tokyo oweruza adali 11, otumizidwa ndi mayiko a mbali yopambana yomweyo. "Ife amene tidakwawa m'matope sadatifunse," ankatero, koma mosawawidwa mtima. Pa onse a ku Tokyo ankakumbukira mmodzi, Mmwenye Radhabinod Pal, amene adakana kugwirizana ndi anzake pomanga akuluakulu a Japan. Atsibweni sankati Pal adalondola. Asilikali a Japan adawaona ndi maso awo, ndipo za iwo sankafuna kukamba usiku. Ankangoti munthu uja adaonetsa kuti mpando udali wake, sudali wobwereka.

Maina 11 aja ndidawalemba ndi bolopeni yofiira yochongera mayeso, ndipo kope lili pamiyendo panga pano. Antonio Cassese wa ku Italy, amene anzake adamusankha kukhala mtsogoleri wawo. Georges Abi-Saab wa ku Egypt ndi Adolphus Karibi-Whyte wa ku Nigeria, awiri a kuno kwathu ku Africa. Ninian Stephen wa ku Australia, Jules Deschênes wa ku Canada, Rustam Sidhwa wa ku Pakistan, Lal Chand Vohrah wa ku Malaysia, Germain Le Foyer de Costil wa ku France, dzina limene lidatitengera theka la ola kuti tilitchule. Amayi adali awiri okha, Elizabeth Odio Benito wa ku Costa Rica ndi Gabrielle Kirk McDonald, mayi wachikuda wa ku America, amene adapeza mavoti ochuluka kuposa onse. Ndipo padali Li Haopei wa ku China, wobadwa 1906. Atsibweni adawerengetsa pazala, n'kupeza zaka 87, ndipo adaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ine adandipumitsa ati ndakalamba. Uyu akuyamba kumene ntchito!" Chidawakondweretsanso n'choti munthu wa ku Russia adali pamndandanda wa 23 uja koma sadadutse. Dziko lalikulu chotero, lokhala ndi mpando wosachoka ku Security Council, n'kubwerako chimanjamanja.

Pambali pa dzina lililonse adandiuza kuti ndijambule mizere iwiri. Mzere woyamba, dziko lomutumiza. Wachiwiri, chizindikiro chawochawo: kuchonga ngati munthuyo adakhalapo pabwalo n'kumva mboni, P ngati ndi pulofesa, K ngati ntchito yake idali ya ukazembe. Mapulofesa sankawakhulupirira. Ankati munthu amene sadaonepo mboni ikunama ikuyang'ana m'maso, kapena ikunena zoona ikunjenjemera ngati wakuba, angadziwe bwanji kusiyanitsa? Cassese adalandira P wamkulu. Patapita zaka adandiuza kuti ndichonge pambali pa P ameneyo, poti anthu aja adalumbira ku The Hague pa 17 Novembala 1993 opanda chipinda chozengera milandu, opanda wamndende ndi mmodzi yemwe, opanda ngakhale malamulo oyendetsera khoti, ndipo malamulowo adachita kulemba okha n'kuwamaliza mu Febuluwale 1994. Pa ntchito yotero, adavomera, mapulofesa adathandiza.

Mnyamata wa ku Zomba uja, poti magazi adali akadali otentha, adafuna kuwakhumudwitsa. Adati, "Agogo, musaone ngati kumeneko n'kumwamba. Mavoti amagulana. Dziko limauza linzake kuti undivotere munthu wanga pano, ine ndidzakuvotera pampando wina. Akazembe amaitanirana tiyi ndi vinyo, ofuna mpandowo akuyenda ofesi ndi ofesi ngati ogulitsa mandasi."

Ndimayesa atsibweni akwiya. M'malo mwake adangogwedeza mutu. Adati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, ndipo palibe ufumu umene udalowedwa popanda anthu kuyenderana usiku. Chimene chidawadetsa nkhawa chidali china. Kwathu mfumu ikamwalira, amayi akuluakulu a m'banjamo ndiwo amakhala pansi n'kutchula dzina, ndipo munthu amene akumutchulayo adamusambitsa, adamuona ngati ankagawira anzake chimanga chootcha, akudziwa ngati amamenya mkazi, akudziwa mmene amakhalira akaledzera. "Nanga a ku New York aja akudziwa chiyani? Pepala. Pepala lolemba mwini wake." Choncho, adatero, kupeta kwenikweni ndi koyamba kuja, kwa kumudzi, kumene munthu amadziwika. Dziko likatumiza mphwake wa nduna kapena munthu wofuna kumuchotsa pakhomo mwaulemu, malichero awiri enawo sangachotse nankafumbwe amene ali kale m'kati mwa njere.

Chaka chotsatira kudagwa za kuphana kwa ku Rwanda. Zimenezo sizidali za pa wailesi pokha, poti othawa adayamba kufika ku Dzaleka ku Dowa, malo omwe kale adali ndende. Khoti lachiwiri lidakhazikitsidwa mu Novembala 1994 n'kukakhala ku Arusha ku Tanzania, ndipo mu Meyi 1995 adasankha oweruza asanu ndi mmodzi mwa njira yomwe ija. Tidatsegula tsamba latsopano: Laïty Kama wa ku Senegal, William Sekule wa ku Tanzania, Lennart Aspegren wa ku Sweden, Tafazzal Hossain Khan wa ku Bangladesh, Yakov Ostrovsky wa ku Russia, ndi mayi mmodzi yekha, Navanethem Pillay wa ku Durban, mwana wa dalaivala wa basi, amene zaka zambiri ankaimira anthu omangidwa ndi boma la tsankho.

Apa m'pamene mayi a kunyumba adalowerera nkhani za kopelo. Kale ankangodutsa ndi lichero n'kumati amuna akulu akusewera sukulu. Koma tsiku lina mnyamata uja, atamaliza maphunziro tsopano, adatifotokozera za mlandu wa Jean-Paul Akayesu, amene adali mkulu wa dera la Taba. Pamilandu imene adamutsegulira poyamba padalibe wa kugwirira amayi. Mboni ina, ikufotokoza zina, idatchula kuti mwana wake wamng'ono adagwiriridwa. Oweruza, makamaka mayi Pillay, sadalole kuti mawuwo angodutsa. Adafunsa, mboni ina n'kuululanso, mpaka ozenga mlandu adabwerera kukafufuza n'kuwonjezera milanduyo. Pa 2 Seputembala 1998 khoti lidagamula kuti kugwirira kutha kukhala njira yopululira mtundu wa anthu.

Mayi a kunyumba adaika lichero pansi. Adati, "Pabwalo lathu lino nkhani yotero inkathera pa nkhuku. Mtsikana akulira, amuna okhaokha atazungulira, wina n'kumufunsa kuti unkafunako chiyani kudambo." Adatembenukira kwa amuna awo. "Inu munkamasulira zimenezo zaka zonse zija. Mudafunsapo?" Atsibweni adayankha motsitsa kuti womasulira safunsa. "Ndiye muchonge kawiri mayi ameneyo," adatero, n'kutola lichero lawo. Ndidachonga kawiri, ndipo zikuoneka mpaka lero.

Koma dzina limene lidalowa m'nyumba muja ngati la mbale lidabwera mu 1997. Zaka zinayi za oyamba aja zidali pafupi kutha, ndipo mu Meyi adavotanso ku New York. Pakati pa odutsa padali Florence Mumba wa ku Zambia. Atsibweni adamva pa wailesi, ndipo Loweruka ndisanatsike n'komwe panjinga adafuula kuti, "Aphunzitsi, tenga kope! Wa kutsidya kuno walowa!" Kwa ife a m'malire Zambia si dziko lachilendo. Timakwatirana, timalirana maliro, chigayo timapita kumene kwayandikira. Adali wathu basi.

Mbiri yake idawakhutiritsa. Adayamba ndi ntchito yoimira anthu osauka osakwanitsa kulipira loya. Mu 1980 adakhala mayi woyamba kuweruza pa High Court ya Zambia. Mu 1989 adapatsidwa udindo wofufuza madandaulo a anthu wamba pa maofesi a boma. "Uyu wamva misozi yambiri," adatero atsibweni. Adachonga okha ndi dzanja lawo lonjenjemera, mpaka bolopeni idaboola pepala.

Chisankho chomwecho chidaonetsanso chilema cha kuvotera oweruza zaka zinayi zilizonse. Oweruza atatu amene adali pakati pa mlandu wa ndende ya Čelebići sadabwererenso pamndandanda wa osankhidwa, mlandu usanathe, mboni zambiri zitaperekera kale umboni. Security Council idachita kuwawonjezera nthawi kuti amalize, ndipo chigamulo chidatuluka mu Novembala 1998. Atsibweni sadakondwe nazo. Ankati woweruza amene akudziwa kuti chaka chamawa akapemphanso mavoti amakhala ndi diso limodzi pa mboni, lina pakhomo.

Mayi Mumba sadachedwe kuyesedwa. Adatsogolera mlandu wa Anto Furundžija, mkulu wa kagulu ka asilikali a Chikroati ku Bosnia, amene ankafunsa mafunso mayi wina wogwidwa pamene msilikali mnzake ankamuzunza ndi kumugwirira. Pambali pake padali Cassese ndi Richard May wa ku Britain. Pa 10 Disembala 1998 adamupeza wolakwa n'kumupatsa zaka 10. Maloya ake pochita apilo adaloza chala woweruzayo. Adati mayi Mumba adakhalapo m'bungwe la United Nations loona za amayi, limene linkalimbikitsa kuti ogwirira amayi pankhondo azizengedwa milandu, choncho adalowa m'khoti atakondera kale.

Nkhani imeneyi idatigawa pakhonde paja, ndipo ndivomere kuti ine ndidali mbali ya maloyawo. Ndinkati atsibweni omwe ndiwo adatiphunzitsa kuti woweruza asabwere ndi chigamulo m'thumba. Iwo adandiyang'ana nthawi yaitali. "Aphunzitsi," adatero, ndipo akanditchula choncho ndinkadziwa kuti ndagwa mayeso, "kudana ndi umbava si kudana ndi munthu amene waima m'bokosi. Ukafuna woweruza amene alibe maganizo pa za kugwirira amayi, ukatenge mwana wa m'chikuta." Kwa iwo kukondera kudali kudziwana ndi mwini mlandu, kudya naye, kuopa amene adakuika pampando, kapena kulandira kanthu, paja mlandu sagula ndi chipanda cha mowa. Koma kudziwa ululu wa chinthu ndi chifukwa chomwe munthu amasankhidwira. Pa 21 Julayi 2000 khoti la apilo lidakana dandaulolo, ndipo mwa zina lidati ntchito yotero ndi imodzi mwa zomuyenereza munthu kukhala woweruza pakhotilo. Nditawauza, atsibweni sadanyade. Adangondipempha kuti ndiwapatsire fodya wawo.

Mu Febuluwale 2001 sabata imodzi idatipatsa nkhani ziwiri, ina yoseketsa, ina yolemera. Pa 20 khoti la apilo lidagamula za Čelebići, ndipo limodzi mwa madandaulo lidali loti woweruza wotsogolera ankagona mlandu uli m'kati. Maloya adabweretsa ndi zithunzi za kanema zomwe. Khoti lidadzudzula khalidwelo koma silidafafanize mlandu. Atsibweni adaseka mpaka misozi. Adatisimbira za bwana wina wa masiku awo, dzina sadatchule, amene ikakwana 2 koloko, nsima itakhazikika, mutu unkayamba kuwerama. Ntchito ya kalaliki idali kugwetsa rula pansi mwangozi. Tsiku lina rula idagwa katatu osathandiza, mpaka wamlandu mwiniwake adatsokomola mwaulemu. "Tulo sitidziwa mkanjo," adatero. Kenaka adasiya kuseka n'kunena kuti kwa munthu amene wayenda ulendo wautali kudzafotokoza mmene adaphera abale ake, kuona woweruza akusinza ndi kumupha kachiwiri, ndipo omutumiza munthu wotero ayenera kuti ankadziwa.

Patangopita masiku awiri, pa 22, mayi Mumba adawerenga chigamulo cha mlandu wa ku Foča, atakhala ndi David Hunt wa ku Australia ndi Fausto Pocar wa ku Italy. Amuna atatu, Dragoljub Kunarac, Radomir Kovač ndi Zoran Vuković, adawapeza olakwa pa zimene adachitira amayi ndi atsikana achisilamu, ena a zaka 12 zokha, amene ankatsekeredwa m'nyumba, kugwiriridwa, kugwiritsidwa ntchito, ena mpaka kugulitsidwa. Adalandira zaka 28, 20 ndi 12. Khotilo lidatcha zimenezi ndi maina ake: kugwirira ngati mlandu wolakwira mtundu wonse wa anthu, ndiponso ukapolo. Mawu a mayiyo adamveka pang'ono pa BBC, osathamanga, osakweza. Mayi a kunyumba Chingerezi sankachimva, koma adaima pakhomo mpaka adatha, n'kunena kuti, "Ameneyo akulankhula ngati namkungwi."

Tsamba lomaliza limene atsibweni adalamula ndi la 2003. Apa n'kuti khoti lokhazikika la ICC litabadwa, pangano lake la ku Rome litayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2002, Malawi ndi Zambia atalowamo chaka chomwecho. Kasankhidwe kake adakakonza poona zilema zakale. Security Council sipetanso maina; amavota ndi mayiko a m'panganolo, ndipo munthu amadutsa ndi magawo awiri mwa atatu a mavoti. Woweruza amakhala zaka zisanu ndi zinayi kamodzi kokha, osapemphanso. Pali mndandanda wa odziwa milandu yaupandu ndi wina wa odziwa malamulo a pakati pa mayiko, ngati kuti wina adasuzumira m'kope lathu n'kuona kuchonga ndi P. Ndipo pepala lovotera limakakamiza dziko kuti lisavotere amuna okhaokha kapena chigawo chimodzi. Mu Febuluwale 2003 anthu 43 adapikisana pa mipando 18, ndipo adavota maulendo 33. Amayi adadutsa asanu ndi awiri, pakati pawo Pillay uja, Akua Kuenyehia wa ku Ghana ndi Fatoumata Dembele Diarra wa ku Mali.

Nthawi imeneyo atsibweni adali chigonere, maso atachita khungu. Ndinkawawerengera maina iwo ali pamphasa m'nyumba. Nditafika pa Elizabeth Odio Benito adati, "Ameneyo timamudziwa, wa tsamba loyamba. Costa Rica." Ndidawauza kuti ulendo uno boma la kwawo silidamupereke, adachita kuperekedwa ndi dziko loyandikana nalo la Panama. Adakhala chete, kenaka adamwetulira ndi nkhama zawo. "Lemba Panama. Ulembe bwino. Pamzere umenewo ndi pamene pali nkhani yonse." Adatisiya mvula ya chaka chimenecho itangoyamba, ndipo wailesi idapita kwa mdzukulu amene sadaisamale.

Kope ndidatenga ine. Sindilemba mokhulupirika ngati kale, koma zazikulu ndimaikamo. Mayi Mumba adakhala ku The Hague mpaka 2005, atakhalaponso wachiwiri kwa mtsogoleri wa khotilo, ndipo pambuyo pake adakaweruza ku Cambodia pa milandu ya Khmer Rouge. Ndidalembanso dzina la mayi wina wa ku Zambia, Prisca Matimba Nyambe. Pa 8 Juni 2021 iyeyu ndiye adatsogolera apilo ya Ratko Mladić, mkulu wa asilikali pankhondo ija ya ku Bosnia. Anzake anayi adatsimikiza ndende ya moyo wonse. Iye adatsutsana nawo pafupifupi pa zonse. Mtima wanga sudagwirizane naye, ndipo mpaka lero sugwirizana naye. Ndidagwira bolopeni nthawi yaitali, ndikuganiza za Pal wa ku Tokyo ndi zimene mwini kope akadanena. Sindikudziwa ngati akadachonga. Ndidalemba dzina ndi dziko, mzere wachiwiri n'kuusiya.

Kumapeto kwa kopelo kuli tsamba limene atsibweni adandilembetsa mutu wake mu 1997, tsiku lomwe lija la mayi Mumba: Malawi. Pansi pake ndidalembapo ndi pensulo maina awiri, Duncan Tambala ndi Tujilane Chizumila, amene adasankhidwa kukhoti la Africa la ufulu wa anthu ku Arusha, wina mu 2010, wina mu 2017. Ndidalemba ndi pensulo poti limenelo si khoti la milandu ya pankhondo, ndipo mwini kope adali wokhwima pa malamulo ake. Malo a bolopeni yofiira akadali poyera.

Ku ICC amasankha oweruza asanu ndi mmodzi zaka zitatu zilizonse. Inu a zamalamulo, inu aphungu, ndi inu atolankhani amene mumafika ku Capital Hill, tsiku limene dziko lino lidzatumize dzina, mudzatiuze lisananyamuke. Mudzalitchule pa wailesi m'Chichewa, kuti amene adaimapo pamaso pa munthuyo, amayi a kumidzi ndi akalaliki a patebulo lam'munsi omwe, adzanene zimene akudziwa. Ine ndili ndi zaka 76, ndipo bolopeni yofiira ndidagula kale.